Magetsi Opanga Nokha: Kusankha Waya ndi Mtima wa Koyilo

Mawu oyamba

Kabukuka talembera inu abale athu amene mumagwira ntchito m'mafakitale a ku Isando, Spartan ndi Jet Park n'kumagona ku Tembisa kapena ku Kempton Park, komanso abale amene munawasiya kumudzi. Mdima tonse timaudziwa. Kuno ku Joni, Eskom inayamba kuzimitsa magetsi mosinthanitsa madera kumapeto kwa 2007, ndipo mu 2023 anazima masiku oposa 300. Kwathu ku Malawi, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ngakhale a m'tauni anabwerera ku makandulo. Nanga kumidzi kumene mapolo a Escom sanafike n'komwe?

N'chifukwa chake ambiri amafuna kudzipangira kajenereta. Amakulunga waya pa bawuti, amazunguza maginito, babu osayaka, basi n'kutaya mtima. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala pa zinthu ziwiri: waya amene mwakulunga, ndi chimene mwamukulungapo, chomwe m'kabuku muno tizichitcha mtima wa koyilo. Zinthu ziwirizi sizifuna kulota. Zimafuna kuyesa, kusintha chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kulemba zimene mwapeza.

Anzathu anayamba kale

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ali ndi zaka 14 anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo m'buku la ku laibulale, n'kumanga ake ndi mitengo ya bulugama, chikupizo cha thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi dayinamo ya njinga. Makinawo anadzayatsa mababu anayi ndi mawailesi awiri. Kumpoto, pa mudzi wa Yobe Nkosi, Colrerd Nkosi nayenso anayambira pa dayinamo ya njinga, koma iye anaizunguza ndi madzi a mumtsinje, ndipo pang'ono ndi pang'ono anafika popereka magetsi kwa anansi ake.

Onse awiri anayamba ndi kanthu kakang'ono kamene kamagwira kale ntchito, kenako n'kumakakuza. Nanunso yambani choncho.

Magetsi amabadwa bwanji m'koyilo?

Mu 1831, Michael Faraday wa ku London anapeza kuti maginito akamadutsa pafupi ndi waya wokulunga, muwayamo mumayenda magetsi. Maginito akaima, magetsinso amaima. Malo opangira magetsi a Kelvin, amene chumuni zake mumaziona pafupi ndi Isando, amatsata lamulo lomweli pogwiritsa ntchito malasha. Ku Nkula ndi ku Tedzani n'chimodzimodzi, kungoti kumeneko amazunguza ndi madzi a mu Shire.

Mavolti amakwera ndi zinthu zitatu:

1. kuchuluka kwa mikulungo ya waya;
2. mphamvu ya maginito imene ikudutsa m'kati mwa koyilo;
3. liwiro limene maginito akudutsira.

Mukawirikiza kawiri chimodzi mwa zitatuzi, mavolti nawonso amawirikiza kawiri.

Pali chinanso chimene manja anu adzakuuzani okha. Mukalumikiza babu, gudumu limene mukuzunguza limalemera nthawi yomweyo. Kulemerako ndiko mtengo wa kuwala. Jenereta sipereka mphamvu yoposa imene mwaikamo. Choncho mavidiyo a pa YouTube ndi TikTok oonetsa maginito akuzungulira okha n'kumayatsa nyumba yonse ndi chinyengo. Musawononge ndalama zanu pa zimenezo.

Zimene mukufunika

- multimeter, chipangizo choyezera magetsi, yokhoza kuwerenga mavolti ochepa a AC, magetsi opita uku ndi uku;
- maginito 8 ofanana kukula;
- thabwa lozungulira, ndi mbale ya chitsulo yoika pakati pa thabwa ndi maginito;
- habu ya njinga, kapena njinga yathunthu yoigadamitsa;
- timapaipi ta pulasitiki tofanana, todula utali wa chala;
- waya wa mitundu ingapo;
- guluu wolimba, sandipepa, mpeni, ndi makadi akale a pulasitiki;
- kababu ka tochi;
- kope ndi cholembera.

Pa multimeter samalani. Zina zotchipa zimayambira pa 200 kumbali ya AC, ndipo volti imodzi siziiona bwino. Funsani wogulitsa musanalipire.

Konzani poyesera

Matani maginito mozungulira mbale ya chitsulo, motalikirana mofanana. Asinthanesinthane nkhope: oyamba akoke, otsatira akankhe, enawo akoke, mpaka kuzungulira. Kuti musasokoneze, gwirani maginito ena m'manja n'kumawayendetsa pamwamba. Muzimva kukoka, kukankha, kukoka, kukankha. Mukamva kukoka kawiri motsatizana, pamenepo mwalakwitsa. Mbale ya chitsulo ija isasowe, chifukwa imabwezera mphamvu ya maginito kutsogolo kumene kuli koyilo.

Khomani kathabwa kena koti koyilo izikhalapo osasuntha. Mpata wa pakati pa koyilo ndi maginito uzikhala umodzimodzi nthawi zonse. Khadi limodzi la pulasitiki silikwana milimita imodzi, ndiye muzilowetsa makadi awiri pampatapo, kumanga koyilo, kenako n'kuwasolola.

Liwironso lizikhala limodzi. Wina azizunguza pedulo kamodzi pa sekondi akuyang'ana wotchi ya pafoni, wina aziwerenga multimeter, mwana wa sukulu azilemba. Ntchitoyi imakoma mukakhala atatu.

Kuyesa waya

Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono, ndipo mphamvu imene yakanizidwayo imasanduka kutentha. Zili ngati madzi mupaipi: yopapatiza ndi yaitali imafikitsa madzi ochepa kumunda. Waya wa kopa wonenepa milimita imodzi, akatalika mamita 100, amakaniza ndi ma-ohm pafupifupi 2.2. Wa theka la milimita, pa utali womwewo, amafika pafupifupi 8.8. Kuchepetsa kunenepa ndi theka kumawirikiza kukaniza kanayi.

*Kopa wopaka vanishi.* Uyu ndiye mwini ntchito. Amapezeka m'mamota, m'mathiransifoma ndi kwa amisiri okulunganso mamota. Vanishi wake ndi woonda kwambiri, choncho mikulungo yambiri imalowa pamalo ochepa, ndipo amapirira kutentha. Musanalumikize, palani nsonga zake ndi sandipepa mpaka kopa awale mbali zonse. Majenereta ambiri oyamba amakana kuyatsa babu pa chifukwa chokhachi: nsonga zosapala.

*Aluminiyamu.* Amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 61 pa 100 poyerekeza ndi kopa. Kuti afanane ndi kopa wa milimita imodzi, ayenera kunenepa pafupifupi mamilimita 1.3, ndiye amadya malo. Ngwopepuka ndi wotchipa, koma amathyoka mukamupinda kangapo, sagwira mtovu wamba wolumikizira, ndipo pamene wakumana ndi kopa pamadyeka pakalowa chinyezi. Chenjerani: mamota ndi mathiransifoma ambiri a masiku ano ali ndi aluminiyamu wopakidwa vanishi wofiirira, wooneka ngati kopa. Palani ndi mpeni. Mkati mukatuwa mbuu, ameneyo si kopa.

*Waya wa m'nyumba wokutidwa ndi pulasitiki.* Mkati mwake ndi kopa wabwino, koma chikopa chake n'chochindikala. Pamalo polowa mikulungo 100 ya waya wa vanishi, iye amangolowa pang'ono. Ngwabwino kutengera magetsi kuchoka pa jenereta kupita ku batire.

*Waya wa chitsulo, wa mpanda kapena womangira.* Amakaniza magetsi pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa kopa, ndipo alibe chomutchinga. Waya wamaliseche akakhudzana, mikulungo yonse imasanduka mkulungo umodzi. Musamukulunge.

Yesani motere. Kulungani makoyilo atatu pa timapaipi tofanana, iliyonse mikulungo 50: ya kopa woonda, ya kopa wonenepa, ndi ya aluminiyamu. Kulungani mothina, mzere ndi mzere, osapingasa. Yezani mavolti popanda babu, kenako lumikizani kababu n'kuyezanso.

Mudzaona kuti popanda babu makoyilo onse akupereka mavolti oyandikana, popeza mikulungo ndi yofanana. Kusiyana kumaonekera babu likalumikizidwa: pa waya woonda ndi pa aluminiyamu mavolti amagwa kwambiri. Nambala yachiwiriyi ndiyo yoona. Jenereta yoonetsa mavolti ambiri pa multimeter koma n'kugwa ikapatsidwa ntchito, waya wake ngwoonda mopitirira.

Komabe waya wonenepa si ndiye yankho la zonse. Malo a koyilo ndi ochepa. Mukadzaza ndi waya wonenepa, mikulungo imachepa, mavolti amatsika, koma ma-amp, omwe ndi muyeso wa magetsi oyenda muwaya, amachuluka. Mukadzaza ndi woonda, mavolti amakwera, ma-amp n'kuchepa. Lamulo lake nali: pezani kaye mikulungo imene ikufunika, kenako sankhani waya wonenepa kwambiri amene angalole mikulungo imeneyo kulowa.

Kuyesa mtima wa koyilo

Tsopano waya musamusinthenso. Tengani koyilo imodzi ya kopa, muzingosintha cholowetsa mubowo la kapaipi. Chilichonse chimene mwalowetsa chimangeni zolimba, maginito angachisolole gudumu likuzungulira. Pa chilichonse lembani zinthu zinayi: mavolti popanda babu, mavolti pali babu, kulemera kwa gudumu poyamba kuzunguza, ndi kutentha kwa mtimawo pakatha mphindi zisanu.

*Popanda kanthu.* Mpweya, thabwa ndi pulasitiki n'chimodzimodzi kwa maginito. Mavolti amakhala ochepa, koma gudumu limayenda myaa, osagwiragwira. Nambala imeneyi ndiyo muziyerekezera nayo zina zonse.

*Bawuti kapena chitsulo chathunthu.* Mavolti amakwera, chifukwa chitsulo chimasonkhanitsa mphamvu ya maginito n'kuidutsitsa m'kati mwa koyilo. Koma mudzamva gudumu likukakamira pa maginito aliwonse, n'kumayenda modukizadukiza. Pakatha mphindi zingapo imitsani gudumu, gusani bawutiyo ndi kuseri kwa chala: yafunda. M'kati mwa chitsulo chathunthu mumabadwa timagetsi tozungulira momwemo, tosapita ku babu, tongotentha chitsulo. Thukuta lanu likuthera pamenepo.

*Timapepala ta chitsulo tosanjikiza.* Phwasulani thiransifoma yakufa ya wailesi yakale, muona kuti mtima wake ndi timapepala ta chitsulo toonda pafupifupi theka la milimita, topakidwa vanishi. Anachita dala. Vanishi wa pakati pa timapepala amadula njira ya timagetsi tozungulira tija. Dulani timapepalato, mutimange pamodzi, mutilowetse chotalika mubowo kuti m'mphepete mwake muyang'ane maginito. Mavolti adzakhala okwera ngati a bawuti, koma kutentha kudzachepa kwambiri. Mwa mitima yonse ya chitsulo, uwu ndiye wopambana.

*Mtolo wa misomali kapena tizidutswa ta waya womangira.* Waya wa chitsulo uja tinamukana pokulunga, pano ali ndi ntchito. Dulani tizidutswa tofanana, pakani penti kapena vanishi, tiume, n'kutithinitsa mubowo. Timachita bwino kuposa bawuti, ndipo kumudzi n'tosavuta kupeza.

*Ferrite.* Aka ndi kamtengo kakuda, kosweka ngati dothi lootcha, kamene kamakhala m'wailesi. Sikatentha, koma kamakhuta msanga: maginito amphamvu akakayandikira, sikatha kunyamula mphamvu yawo yonse monga chimachitira chitsulo. Kamathandiza pa maginito ofooka okha.

*Aluminiyamu, kopa, ndi chitsulo chosachita dzimbiri.* Aluminiyamu ndi kopa sizisonkhanitsa mphamvu ya maginito, zimangotentha n'kulemeretsa gudumu. Zitsulo zambiri zosachita dzimbiri nazonso maginito sazikoka. Chimene maginito sakuchikoka mwamphamvu, musachiike mumtima.

Ndiye musankhe uti? Zitengera maginito anu ndi chimene chizizunguza. Ngati muli ndi maginito akuda a m'masipika, amene ndi ofooka, mukufunika mtima wa timapepala. Ngati muli ndi maginito onyezimira a neodymium, ndipo chozunguza ndi mphepo yofooka, siyani bowo lopanda kanthu, chifukwa kukakamira kuja kumaletsa zikupizo kuyamba kuzungulira. Umu ndi mmene Hugh Piggott wa ku Scoraig, m'dziko la Scotland, amapangira makina ake a mphepo amene anthu amamanga pamanja m'maiko ambiri: makoyilo aphwatalala opanda chitsulo, oumbidwa mu guluu wolimba, ali pakati pa mbale ziwiri za chitsulo zokhala ndi maginito. Pamenepo bowo la koyilo lizifanana kukula ndi maginito, ndipo koyilo isachindikale, kuti mbale ziwirizo ziyandikane.

Kuwerengera jenereta yeniyeni

Batire la mavolti 12 limadzaza bwino likamalandira pakati pa 13.8 ndi 14.4. Koyilo imatulutsa magetsi a AC, opita uku ndi uku, pamene batire limafuna a DC. Pakati pake pamafunika kachipangizo ka madayodi anayi kotchedwa bridge rectifier, kamene kamadyako mavolti pafupifupi 1.4. Mukafikitsa mavolti 12 a AC pa liwiro limene mungathe kulisunga, batire liyamba kulandira.

Tiyerekeze kuti koyilo yanu ya mikulungo 50 yapereka theka la volti. Mukufuna makoyilo 8 olumikizana motsatizana, ndiye iliyonse ipereke 1.5. Kumeneko n'kuwirikiza katatu, choncho koyilo iliyonse ikhale ya mikulungo 150. Ikani nambala zanu m'malo mwa zimenezi.

Polumikiza, onjezani koyilo imodzi, yezani, kenako ina. Mavolti akatsika m'malo mokwera, tembenuzani nsonga za koyilo imene mwangoonjezayo.

Chozunguza

Munthu wamkulu wopalasa njinga mosadzipanikiza amatulutsa mawati pakati pa 50 ndi 100. Theka la ola lopalasa likhoza kudzaza foni imodzi, kapena kuyatsa babu la LED la mawati atatu madzulo onse. Koma ketulo yamagetsi imafuna mawati pafupifupi 2,000. Za ketulo, simbi ndi mbaula ziiwaleni.

Kuno ku Ekurhuleni mphepo ndi yofooka masiku ambiri, ndipo tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, kumene mpweya ndi wopepuka. Nyumba ndi zothinana, ziphaliwali za dzinja n'zoopsa, ndipo pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo sungangoimika mlongoti wautali mmene wafunira. Kwa wokhala m'chipinda cha lendi, njinga yoimika ndiyo yoyenera, ndipo sola yaing'ono idzakupatsani magetsi ambiri mosavutikira. Luso la makoyilo lidzakupindulirani kwambiri kumudzi, makamaka kumene kuli mtsinje wosaphwa wotsika phiri, monga ku Mulanje, Nkhata Bay ndi Rumphi, chifukwa madzi amazunguza usana ndi usiku.

Kumbukiraninso kuti mota ya njinga yamagetsi, ndi mota ya makina ena ochapira zovala yokhala ndi maginito m'kati, ndi majenereta okulunga kale. Izunguzeni ndi dzanja multimeter ili pansonga zake. Ikaonetsa mavolti, mwapeza poyambira. Alternator ya galimoto imakhumudwitsa ambiri, chifukwa imafuna liwiro lalikulu komanso imayamba yadya magetsi a batire isanapereke ake.

Waya mumupeze kuti?

Apa tikupempheni ndi mtima wonse. Kuba mawaya a kopa kwazunza anthu kuno. Sitima za Metrorail zinaima m'njira zambiri mawaya atazulidwa mu 2020, ndipo ovutika anali anthu ngati ife tomwe, okwera sitima popita kuntchito. Lamulo la South Africa la 2015 limalola khoti kugamula zaka zofika 30 kwa wowononga zinthu monga mawaya a magetsi ndi a njanji. Lamulo la 2009 la katundu wogwiritsidwa kale ntchito limaletsa kusunga waya wa kopa wootchedwa chikopa popanda chifukwa chomveka. Kwa mlendo, mlandu wotere umathetsa zonse zimene anadzera.

Gulani waya kwa amisiri okulunga mamota kapena kusitolo, ndipo lisiti musunge. Zotsala za kufakitale musatuluke nazo pageti popanda kalata ya abwana. Wina akakutsatsani waya wotchipa pamsewu, mukaneni. Zipangizo zakufa za m'nyumba mwanu, monga fani ndi wailesi, n'zokwanira kuyambira. Waya wakale mumasule pang'onopang'ono, ndipo amene wada kapena akununkha chopserera mutaye, vanishi wake anatha.

Chitetezo

- Jenereta yanu musailumikize ku soketi ya m'nyumba kapena ku mawaya a Eskom, a khonsolo, ngakhale a Escom. Mukhoza kupha wokonza mawaya kapena kuotcha nyumba.
- Microwave musaitsegule. M'kati mwake muli kachipangizo kosunga mavolti pafupifupi 2,000, koopsa ngakhale mutaizula kukhoma.
- Maginito a neodymium amatswanya zala ndipo amasweka n'kuthethekera m'maso. Mwana akameza awiri, amakokana m'matumbo n'kuwaboola. Thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwino. Asayandikire munthu amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda.
- Maginito amenewa amafooka akatentha kupitirira madigiri 80. Musawaotcherere, musawaboole.
- Ikani fyuzi pafupi ndi batire. Batire la galimoto likhoza kufiiritsa waya m'kanthawi kochepa.
- Batire likamadzaza limatulutsa mpweya wogwira moto. Likhale podutsa mphepo, kutali ndi kandulo, mbaula ndi fodya. Likafika 14.4, lekani kudzaza.
- Foni musailumikize ku jenereta mwachindunji. Idzere ku batire, kudzera pa tchaja ya m'galimoto.
- Mangani chotchinga kuzungulira gudumu, ndipo ana aziima kumbali.

Kope lanu

Patsamba lililonse lembani tsiku, mtundu wa waya, kunenepa kwake, mikulungo, mtima, mpata, liwiro, ndi mavolti awiri aja. Zimene zakanika muzilembenso, chifukwa n'zimene zidzakuletsani kugula chinthu cholakwika kachiwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha: musasinthe waya ndi mtima tsiku limodzi, mungadzasowe chimene chathandiza.

Loweruka loyamba mangani poyesera ndi koyilo imodzi. Lachiwiri yesani mawaya. Lachitatu yesani mitima. Waya wambiri ndi maginito odula mugule pokhapokha nambala za m'kope zitakuuzani mikulungo ndi kunenepa kumene mukufuna. Mukamaliza, jambulani masambawo muwatumize pa WhatsApp kwa achimwene kapena achemwali kumudzi, kuti iwo akayambire pamene inu mwafika.